ZA PAKHOMO NDI PAMUDZI: Mwana Asankhe Nchito Yolingana ndi Mphatso Yace

Caka ciri conse, zotsatira za mayeso zikatuluka, m'nyumba zambiri za m'Cigawo ca Kum'mawa mumabuka funso limodzi: kodi mwanayu adzagwira nchito yanji? Funsoli limakambidwa madzulo pa mphasa, anthu atatha kudya nsima. Atate afuna kuti mwana akhale mphunzitsi cifukwa ndi nchito ya Boma. Amai afuna unamwino cifukwa mwana wa mnansi wao anabwera pa Khirisimasi atabvala zoyera. Amalume nao anena zao, azakhali zao. Koma kawiri-kawiri mwini wace wa nkhaniyo ndiye amene safunsidwa konse. Iye angokhala duu pambali, namvetsera akulu alikugawana moyo wace monga ngati agawana munda wa masiye.

Nkhani imeneyi si yamasewera iai. Kutumiza mwana mmodzi ku koleji kumadya ng'ombe za m'khola, matumba a nshawa a m'nkhokwe ndi ndalama za thonje za zaka ziwiri kapena zitatu. Ngati mwanayo alowa nchito yosalingana ndi cibadwa cace, banja litaya cuma, mwana ataya zaka za unyamata wace, ndipo dziko lilandira wanchito amene thupi liri pa nchito koma mtima uli kwina. Komatu mphatso ya mwana sibisika. Imaonekera pakhomo pomwe, kale-kale asanalembe mayeso ali onse, ndipo makolo amene aipenyetsetsa ndi kuinola ndiwo amene sataya cuma cao pacabe.

KUMENE KUNACOKERA MTIMA WOKONDA OFESI

M'nthawi ya atsamunda, pamene Chipata inali kuchedwa Fort Jameson, munthu wolemekezeka m'mudzi anali kalaliki wa pa Boma, womasulira wa pa khoti kapena mphunzitsi wa pa mishoni. Iye anali kubvala nsapato ndi kulandira malipiro mwezi ndi mwezi, pamene anzace anali kutuluka thukuta m'mapulazi a fodya ndi m'migodi. Pamene dziko linalandira ufulu m'caka ca 1964, nzika za Zambia zimene zinatsiriza maphunziro a pa yunivesite zinali pafupi-fupi 100 cabe. Boma latsopano linasowa anthu ophunzira m'maofesi onse, ndipo m'caka ca 1966 Yunivesite ya Zambia inatsegulidwa ku Lusaka. M'masiku amenewo mnyamata wokhala ndi setifiketi ya sekondale sanali kucedwa kupeza mpando ndi thebulo. Agogo a lero anaona zimenezi ndi maso ao, ndipo n'cifukwa cace mau akuti "nchito" kwa iwo atanthauza colembera ndi pepala.

Koma zinthu zinasintha. M'caka ca 1975 mtengo wa mkuwa unatsika kwambiri pa msika wa kunja, ndipo cuma ca dziko cinayamba kubwerera m'mbuyo. Kuyambira m'caka ca 1992 makampani ambiri a Boma anagulitsidwa, ena anatsekedwa, ndipo anthu zikwi-zikwi anacotsedwa nchito. Pa nthawi yomweyo anthu anali kuculuka. Pa kalembera wa 1969 m'Zambia munali anthu 4 miliyoni, koma pa kalembera wa 2022 anapezeka 19.6 miliyoni. Mipando ya m'maofesi sinaculuke molingana ndi ciwerengero cimeneci.

Umboni wace unaoneka poyera m'caka ca 2022, pamene Boma linalemba nchito aphunzitsi oposa 30,000 pa nthawi imodzi. Cinali ciwerengero cacikuru ndithu, koma amene anapempha malowo anali oposa 100,000. Ndiye kuti pa anthu khumi ali onse, asanu ndi awiri anabwerera kwao ndi mapepala ao m'manja. Ambiri mwa iwo ndi aphunzitsi eni-eni, okonda ana ndi okonda coko, ndipo dziko liwafunabe. Koma mosakaika analiponso ena amene analowa koleji ya uphunzitsi kaamba koti kunyumba anawauza kuti kumeneko ndiko kuli cakudya. Otere akasowa malo amasowanso pogwira, popeza luso limene anabadwa nalo linasiyidwa m'njira osanoledwa.

MTENGO WA KUSANKHA MOLAKWA

Nchito yosankhidwa molakwa sipweteka mwini wace yekha. Mtsikana amene acita cizungulire akaona magazi, ndipo anyansidwa ndi pfungo la cironda, angathe kupambana mayeso a unamwino ngati ali ndi mutu wabwino. Koma odwala adzaona nkhope yace yamakwinya kwa zaka makumi atatu. Mnyamata wa mtima wapacala, amene sangathe kubwereza cinthu cimodzi kasanu popanda kukalipa, akakhala mphunzitsi wa Giredi 1 adzacititsa ana ambiri kudana ndi sukulu. Mwina mnyamata yemweyo akanakhala makaniko wodziwika m'boma lonse, pakuti injini siopa kukalipiridwa, ingofuna maso akuthwa ndi manja odziwa.

Cotero mudzi umataya pawiri. Umapeza mphunzitsi wosakondwa, ndipo umasowa makaniko amene akanakonza cigayo cao. Cigayo cikafa anthu ayembekeza mmisiri wocokera ku tauni kwa milungu iwiri, amai abwereranso ku mtondo ndi munsi, ndipo ndalama za mudziwo zipita m'thumba la mlendo.

MPHATSO IONEKERA PAKHOMO

Akulu anati m'mera mpoyamba. Kholo liri lonse limene lalera ana atatu kapena anai lidziwa kuti ana a mimba imodzi salingana. Alipo mwana amene sasiya waya uli wonse pansi. Apanga galimoto ya mawaya yokhala ndi ciongolero cotembenuka, amasula wailesi yakufa kuti aone za m'kati mwace, ndipo njinga ya atate ace ikaduka cheni iye ndiye ayamba kufika. Makolo ambiri amamucha woononga zinthu, koma m'manja amenewo muli umakaniko kapena uinjiniya.

Alipo wina amene akatumidwa ku msika ndi tomato abwera ndi ndalama zokwanira, nafotokoza bwino-bwino kuti mulu uwu unapita pa mtengo wakuti, uwo anacotsera wogula cifukwa unayamba kupsa. Ameneyo ali ndi mutu wa malonda ndi wa kuwerengera cuma. Wina akapita kubusa adziwa ng'ombe iri yonse ndi khalidwe lace, ndipo ndiye ayamba kuzindikira kuti thole lakuti silikudya bwino. Wina asonkhanitsa ana anzace pansi pa mtengo wa mango nawaphunzitsa kulemba pa dothi, osatopa. Wina agogo akadwala sacoka pambali pao: awatembenuza, awamwetsa phala, awacapira nsalu popanda kudandaula. Wina ali ndi lilime, ndipo anzace akakangana pa mpira iye ndiye aweruza mlandu mpaka onse akhutira. Zonsezi ndi zizindikiro, ndipo zilembedwa pabwalo tsiku ndi tsiku kwa amene ali ndi maso.

Komabe si ciri conse cimene mwana anena kuti acikonda cimene ciri mphatso yace. Ana amasirira yunifomu ya msilikari, galimoto ya dokotala ndi mau a woulutsa pa wailesi, osadziwa zimene anthu amenewa acita kuyambira m'mawa kufikira madzulo. Kusirira kumatha msanga monga mame. Pali mafunso anai amene angathandize makolo kusiyanitsa mphatso ndi kusirira cabe. Loyamba: kodi mwanayo amacita cinthuco popanda womtuma? Laciwiri: kodi amaciphunzira msanga kuposa anzace a msinkhu wace? Lacitatu: kodi cikamkanika amabwererako mawa lace, kapena amacitaya? Lacinai: kodi anthu ena ayamba kale kumfuna kuti awathandize pa cinthu cimeneco? Ngati yankho liri inde pa mafunso onse anai, ndipo lakhala tero kwa zaka zingapo, pamenepo pali maziko omangapo nyumba.

Funso lacitatu ndilo lalikuru koposa. Nchito iri yonse iri ndi mbali yace yowawa. Kalipentala apala thabwa limodzi mpaka mapewa aphwanya, namwino agona maso usiku wonse, wowerengera ndalama afuna-funa ngwee imodzi yosowa m'mabuku mpaka dzuwa kulowa. Munthu apirira zowawa za nchito imene mtima wace uli pomwepo, koma za nchito yokakamizidwa zimamlemera kawiri.

AMENE ANATSATA MPHATSO ZAO

Kutsidya kwa malire, m'boma la Kasungu ku Malawi, mnyamata wina dzina lace William Kamkwamba analeka sukulu ya sekondale pa nthawi ya njala ya 2001 ndi 2002 cifukwa makolo ace anasowa ndalama. Iye anali mmodzi wa ana aja omasula mawailesi. Anapitiriza kubwereka mabuku a sayansi m'laibulale yaing'ono ya kwao, ndipo poona zithunzi za m'mabukumo anamanga makina opanga magetsi ndi mphepo, pogwiritsa nchito mitengo ya bulugama, zitsulo za njinga ndi zinthu zotola kudzala. Anthu ena anamuyesa wamisala kufikira tsiku limene nyale inayaka. Mbiri yace itamveka anapeza omthandiza kubwerera ku sukulu, ndipo m'caka ca 2014 anatsiriza maphunziro ace pa Dartmouth College ku America.

Kuno kwathu ku Zambia, Esther Phiri analekera sukulu pa Giredi 6 ndipo anali kugulitsa ndiwo zamasamba ku Lusaka. Mphunzitsi wa nkhonya, Anthony Mwamba, anaona mphamvu ndi kulimba mtima kwace namphunzitsa, kufikira mtsikanayo anatenga malamba a nkhonya a dziko lonse lapansi. Nayenso Barbra Banda anayamba kumenya mpira ali mwana, pa nthawi imene anthu ambiri anali kunena kuti mpira ndi wa anyamata okha. M'caka ca 2021, pa masewera a Olympics ku Tokyo, anamwetsa zigoli zitatu pokumana ndi Netherlands ndi zitatu zinanso pokumana ndi China, ndipo m'caka ca 2024 anasankhidwa kukhala katswiri wa mpira wa akazi mu Africa monse.

Nkhani zimenezi sizitanthauza kuti mwana aleke sukulu ndi kuthamangira mpira kapena nkhonya. Pa ana zikwi zambiri amene amenya mpira wa mapepala m'midzi, owerengeka okha ndiwo adzadya za mpira. Phunziro lace ndi lina. Onse atatu anali ndi mphatso imene inaonekera akali ang'ono, onse anakumana ndi munthu kapena buku limene linainola, ndipo onse anagwira nchito yowawa kwa zaka zambiri. Mphatso yopanda maphunziro iri ngati nkhwangwa yosanola: citsulo cace n'cabwino, koma sigwetsa mtengo.

SUKULU NAYO IFUNA KUTI MWANA ASANKHE MSANGA

Makolo ayenera kudziwa kuti dongosolo la maphunziro linasintha. Kuyambira m'caka ca 2025 Unduna wa Zamaphunziro unayamba kulowetsa pang'ono-pang'ono dongosolo latsopano, m'mene pulaimale ithera pa Giredi 6 ndipo sekondale iyambira pa Fomu 1 kufika Fomu 4, kenaka Fomu 5 ndi 6 kwa opitiriza. M'dongosolo limeneli mwana wa ku sekondale atsata njira imodzi mwa zingapo, monga ya sayansi, ya malonda ndi cuma, ya ulimi, ya luso la manja ndi makina, ya zapakhomo ndi kusamalira alendo, ya nyimbo ndi zojambula, kapena ya masewera. Tanthauzo lace n'lakuti funso limene kale linali kudikira mpaka mwana atamera ndebvu tsopano lifika iye akali ndi zaka 12 kapena 13.

Cifukwa ca ici kholo lisamangopita ku sukulu pa tsiku la mlandu lokha. M'masukulu a sekondale mumakhala mphunzitsi wopatsidwa udindo wa kulangiza ana za nchito za m'tsogolo, ndipo kucezera mphunzitsi ameneyu sikulipiritsidwa. Kholo limuuze zimene liona pakhomo, iye anene zimene aona m'kalasi, ndipo afunsane kuti ndi njira ziti zimene sukuluyo iri nazo, popeza si sukulu iri yonse imene iri ndi zipangizo za njira zonse. Lipoti la mwana lisungidwe caka ndi caka. Phunziro limene akhoza bwino nthawi zonse, ngakhale aphunzitsi asinthe, linena zoona kuposa mayeso a tsiku limodzi.

Pali maphunziro awiri amene mwana sayenera kuwanyoza, kaya mphatso yace ikhale yotani: Cingerezi ndi masamu. Makoleji a uphunzitsi ndi a unamwino kawiri-kawiri afuna makirediti 5, ndipo awiriwa amakhala pakati pao. Ngakhale womanga nyumba afunika masamu kuti awerenge njerwa ndi matumba a simenti, ndipo telala wosadziwa kupima aononga nsalu za eni ace. Mwana amene anaphonya phunziro limodzi kapena awiri angathe kulembanso pa mayeso a GCE m'malo mwa kutaya mtima.

KUMENE MPHATSO IMANOLEDWA

Dziko liri ndi malo ophunzirira pafupi-fupi mphatso iri yonse, ndipo ena ali pafupi ndi kwao kwa owerenga. Wa manja aluso angapite ku Chipata Trades Training Institute kapena ku Ukwimi Trades Training Institute kumpoto kwa Petauke. Masukulu a mtundu umenewu aphunzitsa ukalipentala, kumanga, umakaniko, zamagetsi, kuocherera zitsulo ndi kusoka. Wofuna kupitirira pa zamakina aliko Northern Technical College ku Ndola. Woleza mtima ndi odwala angafunse ku sukulu za unamwino za pa cipatala ca St Francis ku Katete ndi ca Mwami kufupi ndi Chipata. Wokonda kuphunzitsa ali ndi Chipata College of Education.

Wokonda nthaka ndi ziweto ali ndi njira zambiri kuposa onse. Kuli Katopola ku Chipata, kuli makoleji a ulimi ku Monze ndi ku Mpika, ndiponso Natural Resources Development College ku Lusaka. Za matenda a ziweto ziphunzitsidwa ku Zambia Institute of Animal Health ku Mazabuka, za mkaka ku Palabana, za nsomba ku Kasaka kufupi ndi Kafue, ndipo za nkhalango ku Mwekera kufupi ndi Kitwe. Mnyamata wa ku cigwa ca Luangwa amene adziwa mapazi a nyama ndi kulira kwa mbalame iri yonse, akaonjezapo Cingerezi cabwino ndi kupambana mayeso a operekeza alendo, angapeze nchito ku Mfuwe imene wa ku tauni sangaithe.

Koma pano pafunika kucenjera. Masiku ano makoleji aphuka ngati bowa, ndipo ena angofuna ndalama za alimi. Masukulu a nchito zamanja ayenera kukhala olembetsedwa ku bungwe la TEVETA, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la m'caka ca 1998 kuti liziyang'anira maphunziro otere. Sukulu ya unamwino iyenera kukhala yobvomerezedwa ndi Nursing and Midwifery Council of Zambia. Kholo lisanagulitse ng'ombe lifunse kuona cikalata ca cibvomerezo cimeneci, pakuti setifiketi ya sukulu yosalembetsedwa ndi pepala loyatsira moto cabe. Safunsa anadya phula. Ndiponso amisiri amene anaphunzira nchito pamanja, kwa atate ao kapena kwa mmisiri wa pa msika, adziwe kuti TEVETA iri ndi mayeso a luso, ochedwa trade test, amene apatsa munthu cikalata cotsimikiza zimene manja ace adziwa kale.

Za ndalama nazo ziri ndi pogwira. Kuyambira mu January 2022 maphunziro m'masukulu a Boma ndi aulere kufikira kumapeto kwa sekondale. M'caka comweco thumba la citukuko la CDF linakwezedwa kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera liri lonse la phungu wa Nyumba ya Malamulo, ndipo gawo lina la ndalamazi linapatulidwa kuti lizilipirira ana osauka a m'masukulu ogonera komweko ndi acinyamata ophunzira nchito zamanja. Mapepala opemphera thandizoli amadzera ku komiti ya citukuko ya m'wadi ndi ku khonsolo. Banja lifunse kwa khansala wao nthawi ikalipo, cifukwa wofika mocedwa apeza maina atatumizidwa kale.

AYAMBE WALAWA, NDIPO AONE MSIKA

Munthu sagula ng'ombe ya pa goli asanaione ikuyenda. Momwemonso mwana asalowe maphunziro a zaka ziwiri kapena zitatu asanalaweko nchitoyo. Pa holide, wofuna ukalipentala apemphedwere malo kwa kalipentala wa pa msika kuti azimgwirira matabwa ndi kusesa utuci kwa mwezi wathunthu. Wofuna umakaniko akatsuke zitsulo pa galaja. Wofuna za ziweto atsatane ndi mlangizi pa tsiku la katemera kapena la kusambitsa ng'ombe. Wofuna unamwino akhale mlezi wa wacibale wogonekedwa m'cipatala, aone zimene anamwino acita pakati pa usiku. Akabwerako maso ali gwa, nafotokoza zimene waphunzira mosalekeza, ndiye kuti njira ndi yomweyo. Akayamba kupeza zifukwa pa mlungu waciwiri, banja lapulumutsa ng'ombe zace.

Cinanso cofunika ndi kuona ngati nchitoyo iri ndi oifuna. Mphatso imodzi ingathe kulowa pa makomo angapo, ndipo nzeru ndi kusankha khomo limene kuli anthu olipira. Pa 29 February 2024 Mtsogoleri wa dziko, a Hakainde Hichilema, analengeza kuti cilala ca caka cimeneco cinali tsoka la dziko lonse. Madzi anacepa ku Kariba, magetsi anali kuzima maola ambiri pa tsiku, ndipo anthu oculuka anatembenukira ku magetsi a dzuwa. Mnyamata wa luso la zamagetsi amene adziwa kuika ndi kukonza sola sasowa womuitana, m'tauni ngakhale m'midzi. Cimodzi-modzinso wokonza mijigo, mapampu othirira m'madimba, njinga zamoto ndi mafoni. Mwana ayende m'dera lace ndi maso otsegula, nadzifunse kuti ndi nchito iti imene anthu amapitira ku Chipata kapena ku Lusaka cifukwa pafupi palibe woidziwa. Pamene pali dandaulo la anthu, pamenepo pali nchito.

ANA AAKAZI NDI NCHITO YA ULIMI

Mphatso sisankha kuti uyu ndi mwamuna, uyu ndi mkazi. Alipo atsikana amene apambana masamu kuposa anyamata onse a m'kalasi, koma kunyumba auzidwa kuti zamagetsi ndi zamakina si za akazi, ndipo akankhidwira ku kusoka kumene alibe nako cidwi. Aliponso anyamata a dzanja labwino pa mphika amene acita manyazi kuphunzira zophika, cikhalireco mahotela ndi malo ogona alendo alemba ophika aamuna ambiri. Coipa koposa ndi kukwatitsa mtsikana akali pa sukulu kuti banja lilandire ng'ombe. Ng'ombezo zidzatha, koma mwana wophunzira nchito yace akanathandiza makolo ace kufikira ukalamba wao.

Za ulimi nazo ziyenera kunenedwa mosabisa. M'midzi yambiri khasu lakhala ngati cilango ca wolephera mayeso, ndipo makolo amene moyo wao wonse wacokera m'nthaka ndiwo ayamba kuuza ana kuti kulima ndi kwa osaphunzira. Koma ulimi ndi nchito yofuna mphatso monga zina zonse. Mbeu za nshawa monga MGV 4 ndi MGV 5 zinachedwa ndi dzina la Msekera, malo ofufuzira za ulimi kufupi ndi Chipata, kumene anthu ophunzira amathera zaka zambiri akuyesa mbeu m'munda. Mwana amene akonda dimba, amene alemba tsiku limene anafesa ndi kuwerenga zimene wapindula, asacotsedwe ku nthaka mokakamiza. Apatsidwe ndime yace-yace, aloledwe kusunga ndalama za zokolola zace, ndipo ngati kutheka atumizidwe kukaphunzira. Mlimi wodziwa kusunga nkhuku osaziphetsa ndi citopa, kuweta njuci, kapena kuyenga mafuta a mpendadzuwa, sayembekeza kutha kwa mwezi kuti aone ndalama.

MAKOLO NDI MWANA AKASIYANA MAGANIZO

Nthawi zina kholo liona kutali kuposa mwana, ndipo mau a akulu akoma akagonera. Kholo lidziwa kulemera kwa thumba la banja, lidziwa kuti pambuyo pa uyu pali ang'ono ace anai ofunanso sukulu, ndipo liri ndi ufulu wonena kuti maphunziro akuti sitingawathe caka cino. Mwana wanzeru samva zimenezi ngati cidani. Angathe kuyamba ndi maphunziro afupi, nagwira nchito, nadzilipirira yekha apamwamba pambuyo pace. Tsokonombwe anatha mtunda ndi kudumpha.

Koma kholo nalo likumbukire kuti amene adzadzuka m'mamawa uli wonse kupita ku nchitoyo ndi mwanayo, pamene makolo adzakhala atapumula kale. Si bwino kumsenzetsa mwana maloto amene atate ace analephera kuwakwaniritsa, kapena kumsandutsa cida copikisana naco ndi banja la kutsidya kwa mtsinje. Pakakhala kusamvana, aitanidwe amalume kapena ambuye, pamodzi ndi mphunzitsi womdziwa bwino mwanayo, ndipo mwana apatsidwe mpata wolankhula mpaka atsirize. Afunsidwe mofatsa kuti, "Mwanawe, nchito imeneyi waionera kuti, ndipo ukaiphunzira udzadya bwanji?" Akayankha zomveka, akulu amdalitse. Akasowa yankho, atumidwe kukafufuza, abwerenso mwezi wamawa.

Mudzi uli wonse ufuna mphunzitsi, namwino ndi kalaliki, koma ufunanso womanga, wokonza cigayo, wosoka mayunifomu, wocita malonda wokhulupirika ndi mlimi wodziwa nchito yace. Ana amene adzagwira nchito zimenezi alipo kale. Ena ali kubusa, ena ali ku dimba, ena akhala kuseri kwa nkhokwe alikupinda mawaya. Makolo ayambe lero kupenya cimene mwana ali yense acita pamene palibe womtuma, ndipo nyengo ya zotsatira za mayeso ikadzafika, afunse mwini wace poyamba asanatsegule khola.